Mkanda m'Khutu, Mpeni m'Manja

Ndikukumbukira mpeni uja kuposa mmene ndikukumbukira nkhope za akwati. Unali mpeni wamba wa kukhitchini, wogula pamsika wa Kafue, koma bana Mwansa, mphunzitsi wathu wa gule, anakulunga chigwiriro chake ndi maliboni oyera ndi apinki mpaka munthu sakanaganiza kuti unasendapo mbatata. Kwathu kuno keke ya ukwati sidulidwa mpeni usanavinidwe. Ovina ena onse akakhala pansi, kamtsikana kamodzi kamalowa kokha m'holo, mpeni uli m'manja, n'kuvina kuyambira pakhomo mpaka patebulo la akwati, kenako n'kugwada n'kuupereka. Chaka chimenecho amayi aang'ono, Anti Esinati, ankakwatiwa ndi mnyamata wa ku Shimabala, wa banja la alimi a kabichi ndi tomato, ndipo kamtsikana ka mpeni ndinali ine. Ndinali wowonda, wa mawondo otuwa, wosadziwa masamu, koma pa nkhani ya m'chiuno panalibe mwana wondiposa mumsewu wathu wonse.

Tinkakhala m'nyumba za anthu a njanji, kufupi ndi siteshoni, chifukwa atate anabwera kuchokera kum'mawa kudzagwira ntchito ya sitima. Sitima ikamadutsa, makapu a amayi ankalira okha m'kabati. Masana aliwonse ndikaweruka kusukulu ndinkayenda wapansi kupita ku Kafue Estates, kunyumba kwa bana Mwansa, amene anali matroni wa ukwatiwo, ndiye kuti mphunzitsi wa ovina. Anali mayi wachibemba, wonenepa, wa mawu omveka kutsidya kwa msewu, ndipo popeza ife a kum'mawa ndi Abemba timachitana chimbuya, chibale chija chonyozana mwanthabwala, sankatipumitsa. Wina akaphonya sitepi ankati mbewa zimene tinadya zatilemetsa miyendo. Wailesi yawo ya kaseti inkakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, mabatire akafooka woimba ankayamba kukoka mawu ngati woledzera, ndipo kasetiyo tinkaibweza ndi pensulo kuti tisamalize mabatire.

Kuvina sikunandivute. Chimene chinandivuta ndi kugwada kwa kumapeto. Bana Mwansa ankati kamtsikana ka mpeni kakafika pamaso pa akwati kamagwada, manja onse awiri kutsogolo, mutu wopendekera paphewa mwaulemu, maso pansi, ndipo sikasuntha mpaka mkwati atatenga mpeni. Ankadziwa kuti pa ukwati weniweni wojambula zithunzi amachedwa, woyendetsa mwambo amayamba nthabwala, ndipo mwana wosaphunzira amayamba kudzikanda pamaso pa anthu. Ndiye ankandigwaditsa pafumbi, n'kumandikodola pakhosi ndi kaudzu, nkhuku zikundidutsa m'miyendo, ntchentche zikutera pamphuno.

"Ukasuntha chabe, mpeni ni wa Mutinta," ankatero.

Mutinta anali kamtsikana ka kuchimuna, msinkhu wanga, kamene kankaphunziranso masitepi anga kumbali, kuchitira kuti mwina ine ndingadwale. Sindinkadana naye, koma tsiku lililonse ndinkapemphera kuti ndisagwidwe ndi malungo.

M'nyumba mwathu nthawi imeneyo munali mlendo, amalume Yotamu, mlongo wa amayi. Ankaphunzira udokotala ku Lusaka, ndipo pa tchuthi anawatumiza kuchipatala cha kwathu kuno kuti akaone ndi maso zimene ankawerenga m'mabuku. Anali aatali, a magalasi, osaseka wamba. Ankagona pabalaza pakati pa mabuku aakulu amene ife ana tinkawatsegula mobisa kuti tione zithunzi za mafupa. Munthu ameneyu ngakhale kutchalitchi ankaomba m'manja anzake ataomba kale, ndipo pamene Anti Esinati anawapempha kuti akhale m'gulu la ovina pa ukwati, anangovula magalasi n'kuwapukuta. Zimene ankafuna pa moyo wawo tonse tinkazidziwa, chifukwa ankauza atate madzulo alionse: adzakhala dokotala wa opaleshoni, adzakwera ndeke n'kupita kunja kukaphunzira zong'amba anthu.

"Mulamu, munthu ngati wagona sakamba, salira, safunsa mafunso," ankatero. "Ndiye ntchito ya bwino iyo."

Tsoka lawo linali loti kuchipatalako anawaika kumbali ya ana. Ankabwera madzulo khoti lawo loyera lili ndi madontho a phala, nthawi zina ndi zina zosatchulika, akudandaula kuti makutu awo akulira. Amayi ankawaseka kuti ana akangoona kutalika kwawo ndi magalasi aja amayamba kulira jakisoni asanatuluke n'komwe.

Lachisanu, ukwati uli mawa lake, pabwalo pathu panalibe popondapo. Azimayi a kutchalitchi ndi achibale ochokera kum'mawa anadzaza paliponse, ena akusenda anyezi, ena akukazinga vitumbuwa, ena akusosola nkhuku m'madzi otentha. Fungo la nthenga zonyowa linasakanikirana ndi la utsi ndi la saladi, mafuta ophikira aja. Ine ndinali pansi pa mtengo wa gwafa, mutu uli pantchafu ya mayi wina woyandikana nafe amene ankandiluka tsitsi ndi kuikamo timikanda toyera. Kambale ka mikandako anakaika pabondo lake, pamwamba penipeni pa khutu langa. Paja tsoka silinunkha. Tambala wina amene anaona zimene zinachitikira anzake anapulumuka m'manja mwa womugwira, anauluka molunjika kwa ife, n'kumenya kambale kaja. Mikanda inandigwera kumaso konse, ndipo umodzi unalowa m'khutu.

Pakanakhala mayi mmodzi yekha, mwina mkandawo ukanatuluka. Koma panali azimayi odzaza bwalo, ndipo aliyense anali ndi mankhwala ake. Anandidumphitsa ndi mwendo umodzi mutu uli chopendekera. Anandimenya mbama yachikondi kukhutu linalo. Wina anabwera ndi kamtengo ka machesi, wina nthenga ya tambala yemweyo, amene tsopano anali atalandira chilango chake, wina anathiramo saladi wofunda. Aliyense akayesa, mkanda unkalowerabe. Mawu a anthu anayamba kumveka ngati ndamira mumtsinje, m'khutu munayamba kutentha, ndipo ndinalira mpaka amayi anataya mthiko, anamanga chitenje bwino, n'kundikoka dzanja ulendo wa kuchipatala.

Kunali kotentha, dzuwa la mvula isanagwe, ndipo tsitsi langa linali loluka mbali imodzi yokha, inayo ili nyankhalala. Pachipatala panali fungo lija la mankhwala otsukira pansi limene mpaka lero limandikumbutsa jakisoni. Azimayi anali ndandanda pabenchi, ana ali kumsana ndi pamiyendo. Amalume atationa pakhomo anachita manyazi, ngati tabwera kudzawatengera ku ukwati. Anatilowetsa kwa dokotala wamkulu amene ankawayang'anira, mayi wamfupi wa imvi pang'ono, wolankhula mosathamanga. Anaunika m'khutu ndi katochi, anati mkanda akuuona, n'kutenga kawaya kopindika kunsonga.

Kachitsulo kozizira kaja katangondikhudza, ndinaponya mwendo. Kambale kachitsulo kanagwa pansi n'kulira chipinda chonse. Anaitana anesi awiri, anandikulunga m'nsalu ya pabedi, wina anagwira mutu, wina miyendo, koma pamenepo ndiye ndinapenga zenizeni. Ndinakuwa mpaka ana a pabenchi panja anayamba kundithandiza. Dokotala uja anaika kawaya pansi n'kuuza amayi kuti sangapitirize. Anafotokoza kuti mkati mwa khutu muli kachikopa kopyapyala kamene munthu amamvera, ndipo mwana akasuntha mutu chitsulo chili momwemo, kakhoza kubooka. Anati mawa m'mawa tikwere minibasi ya ku Lusaka, kuchipatala chachikulu, akandigoneke ndi mankhwala n'kuuchotsa ndili m'tulo.

"Koma ba dokota, mawa ni ukwati," anatero amayi. "Uyu ndiye wa mpeni."

"Maukwati ni yambiri, mayi. Makutu ali nayo yabili chabe."

Amayi sanatsutse. Anatembenukira kwa amalume n'kunena motsitsa mawu kuti akaweruka adzere kwa bana Mwansa, akawauze kuti akonzekeretse Mutinta. Ndinamva ndi khutu labwino lija. Sindinakuwenso. Ndinakhala pansi pasimenti n'kumalira mwakachetechete, ndipo ndinganene mosabisa kuti pa ubwana wanga wonse sindinamvepo chisoni choposa chimenecho. Ndinaona deresi langa loyera likuvalidwa ndi Mutinta, ndinaona fumbi lonse limene ndinagwadapo litapita pachabe.

Kunena zoona, amalume anayenera kukondwa, chifukwa kugoneka odwala ndiko kunali chikhulupiriro chawo. Koma anaima pamenepo akundiyang'ana, kenako anapinda miyendo yawo yaitali ija n'kunjuta patsogolo panga. Aka kanali koyamba kuona maso awo ali pamsinkhu wanga.

"Zelipa, ulira khutu olo ulira mpeni?"

"Mpeni," ndinatero.

Amalume anapempha dokotala uja kuti awapatse kanthawi, ndipo mayiyo, amene anali ndi mzere womudikira, anangoti achite zimene akufuna koma asandigwire khutu iye palibe. Atatuluka, amalume anatenga kathabwa kaja kamene amapanira lilime poona pakhosi, anakagwira ndi manja awiri n'kuimirira.

"Aka ndiye mpeni. Niphunzitse mwamene bavinira."

Ndinaganiza kuti akundinyoza. Koma anayamba okha, ndipo zimene ndinaona zinandiumitsa misozi. Munthu wamtali, wa khoti loyera, mapaipi omvera pamtima akulendewera m'khosi, ankaponya miyendo uku ndi uku ngati akuzimitsa moto wa m'tchire, chiuno chili chiimire ngati mtengo wa magetsi. Nesi mmodzi anabisa nkhope m'manja. Winayo anatola kambale kaja n'kuyamba kukaimba ndi zala. Ine mkwiyo unandigwira, mkwiyo wa mphunzitsi, ndipo ndinamva mawu a bana Mwansa akutuluka pakamwa panga.

"Osati so, ba malume! Chiuno! Mbeba zinakulemetsani?"

Amayi, amene anali ndi nkhawa mphindi yapitayo, anaseka mpaka anatsamira khoma. Chitseko chinali chitatseguka pang'ono, ndipo azimayi a pabenchi anayamba kusuzumira ndi kuomba m'manja motsatira kambale kaja. Amalume anayesanso, n'kulakwitsa koposa poyamba. Sindinathe kupirira. Ndinawalanda kathabwa, ndinapita pakhomo, ndinayamba gule wanga yense monga ndinaphunzirira, tsitsi loluka mbali imodzi, khutu lotseka, mapazi opanda nsapato pasimenti yozizira. Amalume anakhala pampando kumapeto kwa chipinda, manja pamawondo, nkhope yaulemu ngati mkwati. Nditafika pamaso pawo ndinagwada, manja kutsogolo, mutu paphewa, maso pansi.

"Manje apa bana Mwansa bamakamba chani?" anafunsa motsitsa.

"Osasuntha mpaka batenge mpeni."

"Ine ndine mkwati. Sininatenge. Pendekera uku."

Anandipendeketsa mutu kuti khutu lodwala likhale kumwamba. Ndinadziwa zimene ankafuna kuchita, sindinali wopusa. Koma ndinali nditagwada, ndipo ndikagwada choncho thupi langa linkadziwa lamulo limodzi lokha. Ndinaona nsapato za dokotala wamkulu zikulowa n'kuima pambali panga. Ndinamva kutentha kwa katochi pakhutu, ndipo pambuyo pake amayi anandiuza kuti mayiyo anayang'ana amalume, anayang'ana ine, kenako anawapatsa kawaya kaja iye n'kugwira tochi, akuwalozera ndi chala.

Chitsulo chinalowa. Chinali chozizira, ndipo phokoso lake m'mutu mwanga linali ngati sitima ikudutsa pafupi ndi nyumba yathu. Misozi inatsika yokha n'kudontha pachibwano. Mphuno inayabwa. Manja anayamba kulemera ngakhale kuti ndinanyamula kathabwa chabe. Ndinayang'anitsitsa kamng'alu ka pasimenti n'kumadziuza kuti uyu ndi wojambula zithunzi amene akuchedwa, ndipo Mutinta waima kumbuyo kwanga akudikira. Ndinamva dokotala akunena kuti, "Pang'ono pang'ono, pita kumbuyo kwake, manje donsa." Kenako china chake chinamasuka, mawu onse a dziko anabwerera nthawi imodzi, ndipo kamkanda koyera kanagwera m'kambale kuti ngwe.

Sindinasunthebe. Anesi anayamba kuseka, amayi anati ndidzuke, koma ine ndinakhala chigwadire mpaka amalume anakumbukira. Anaomba m'manja mwaulemu, analandira kathabwa kaja ndi manja awiri, ndipo ndinaona kuti magalasi awo achita nthunzi. Dokotala wamkulu anaunikanso m'khutu, anati kachikopa kali bwino, anandithira mankhwala n'kutseka ndi thonje. Akusamba m'manja anayang'ana amalume chammbali.

"Iwe Yotamu, si ndiwe unali kufuna ogona?"

Amalume anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, koma ulendo uno ankamwetulira.

Mawa lake ndinavina. Holo inali yodzaza, yotentha, yonunkhira mafuta onunkhiritsa ndi nkhuku yokazinga, ndipo nthungululu zinayamba ndisanaponye n'komwe sitepi yachiwiri. Thonje lija amayi analibisa ndi riboni. Mutinta ananyamula maluwa, ndipo ndiyenera kunena kuti anandiombera m'manja ndi mtima wonse. Nditagwada pamaso pa Anti Esinati ndi amuna awo, filimu ya wojambula inatha, ndipo anayamba kusintha ina anthu akudikira. Ndinakhala phee. Pambuyo pa kawaya ka dzulo lake, kumeneku kunali kupuma. Bana Mwansa anauza aliyense amene anali pafupi kuti mwana ameneyu anamuphunzitsa ndi iwo, ndipo pa nthawi yokhayi sanatchule mbewa. Keke itadulidwa, bwalo litatsegulidwa kwa onse, anthu anadabwa kuona amalume Yotamu akuimirira okha popanda wowakoka. Anavina gule wawo yemwe uja wozimitsa moto, ndipo atate anaseka mpaka anakhetsa misozi.

Masabata otsala a tchuthi chawo, amalume ankabwerabe ndi khoti la madontho, koma nkhani za madzulo zinasintha. Anayamba kutiuza za kamnyamata ka m'mphepete mwa mtsinje kamene kanawaphunzitsa kumanga mbedza iwo akukatsuka bala, ndi za kamtsikana kamene kanalola jakisoni pokhapokha atamaliza kuwerenga nako mpaka teni m'Chitonga. Anapeza kuti mwana aliyense ali ndi chinthu chimene amachidziwa bwino, ndipo ukamufunsa chimenecho amaiwala kukuopa. Za opaleshoni ankazitchulabe, koma mwa apo ndi apo. Atabwerera ku Lusaka n'kufika nthawi yosankha mbali ya udokotala, anasankha ana. Atate anadandaula pang'ono, chifukwa anali atauza kale anzawo a kunjanji kuti mlamu wawo adzakwera ndeke.

Lero zinthu zasintha. Wailesi ya kaseti kulibenso, nyimbo za ukwati zimachokera pa kompyuta ya mnyamata wa zokuzira mawu, ndipo ana a mpeni amaphunzira masitepi pa foni asanakumane n'komwe ndi matroni. Amavina bwino kutiposa ife, sindikana, koma kugwada sakudziwa. Bana Mwansa anatisiya kalekale, ndipo ine, amene ndimaphunzitsa kupulayimale mkati mwa sabata, ndi amene ndimagwaditsa ana a eni pansi pa mtengo Loweruka likayandikira, kaudzu kali m'manja. Amalume tsitsi linayera. Amaphunzitsa ophunzira udokotala, ndipo ndimamva kuti ophunzirawo akafika kumbali ya ana amayamba adabwa kuona mphunzitsi wawo wamkulu atanjuta pansi, akufunsa wodwala wa zaka zisanu kuti amuphunzitse nyimbo.

Mwana wanga woyamba, Taonga, nayenso akuphunzira udokotala. Pa tchuthi chapitachi anatiuza kuti iye adzakhala wowerenga zithunzi za ekiselo, zija zounika m'kati mwa thupi, chifukwa chithunzi sichilira ndipo sichifunsa mafunso. Tchuthi chikubwerachi amutumiza kuchipatala cha kwathu kuno, ndipo sakudziwa mbali imene adzamuike. Ndinangoyang'ana amalume, amene anabwera kudzationa tsiku limenelo, ndipo iwo anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

Taonga atatuluka, ndinawafunsa chimene ndinkafuna kuwafunsa kwa zaka zambiri. Ndinati kodi samadandaula kuti mkanda wanga unawalanda ndeke yawo ndi odwala awo ogona aja. Anamaliza kupukuta magalasi aja n'kuwavala.

"Awe, Zelipa," anatero. "Wogona sembe ananiphunzitsa kuvina?"